Bokosi Lochokera ku Zaire

Blackson atangolowetsa mano a hamala pansi pa chivundikiro, Gertrude anakhala pabokosipo. Nyimbo ya maliro inadukira pakati.

M'bokosimo munali mwamuna wake Rafaeli, dalaivala wa thiraki amene anamwalira akutuluka magazi m'mphuno ndi m'kamwa pochokera ku Zaire. Azaumoyo a pachipata cha Mchinji analikhomerera, nalamula kuti lisatsegulidwe poopa Ebola.

"Alamu, tsikanipo," anatero Blackson, mkulu wake wa malemuyo. "Chilomoni yonse yabwera kudzaona nkhope."

"Womukhudza aliyense akhoza kumutsatira. Ana anga ali m'nyumba muno," anayankha Gertrude.

Apongozi ake anadzuka pamphasa. "Ndinamubereka ndine. Ukubisa chiyani iwe? Unamupha ndiwe kuti nyumbayi ikhale yako?"

Anthu anayamba kung'ung'udza, wina mpaka kumulavulira Gertrude paphazi. Nayenso Gertrude ankalakalaka kuiona nkhopeyo komaliza, koma anagwiritsitsa m'mphepete mwa bokosi mpaka zala kuchita dzanzi.

"Muyambe mwandichotsa ine," anatero.

Blackson anaponya hamala pansi. "Tikaika malirowa, musadzapondenso pakhomo pathu."

Rafaeli anaikidwa bokosi lili chikhomere. Pobwera kumanda, palibe amene anayenda pafupi ndi Gertrude.