Khungwa la Muwanga

Ndinawachenjeza akamwini anga a Lifeyo, nditagwada chapatali monga mwa ulemu wake. "Bambo a Esinala, mitengo ya masiku ano ili ndi makutu. Musaiyambe dala."

"Amayi, inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe," anatero akunola chikwanje.

Kuno kuphiri banja lililonse lili ndi chigawo chake cha nkhalango choti lisamale, ndipo munthu akapha mtengo, mpopi wa pakhomo pake umatsekeka wokha. Nkhuni timatola zogwa zokha. Timaphikira pa mbaula ya dzuwa, ndiye kukachita chiperoni nyemba sizipsa. Ine ndinazolowera, ndimaziviika dzulo lake. A Lifeyo ankafuna moto weniweni.

Anakwera phiri nakasenda khungwa la muwanga kuzungulira tsinde, monga ankachitira atate awo, kuti ukauma aziti wafa wokha. Kachitsulo kodziwitsa mtengo ukamafa, kamene alonda a nkhalango anabaya mu mtengomo, sanakaone.

Masamba atayamba kufota, mpopi unangotsokomola, basi. Alonda anati madzi adzabwera mbande zatsopano zikadzafika m'chiuno mwa munthu.

Sindinalire. Ndinakumba maenje ndi khasu langa lakuthali, adzukulu akuthiramo manyowa. Mbandezo zikula, ndikali moyo ine. Koma mwana wanga anakanitsitsa kutungira madzi mwamuna wosamva. Tsopano a Lifeyo, ndi ndevu zawozo, amatsikira kudambo ndi ndowa pamutu n'kukwera nayo kukathirira, amayi a pachitsime akuwakuwira kuti, "Achemwali, tikupangireni nkhata?"