Chithunzi cha a Mabingu

"Ichinso ayi."

"Ayi bwanji? Taona mmene chawalira!"

"Chimene chawala ndi jekete lanu, bambo. Mwambowu ndi wokumbukira woyimba ng'oma, osati jekete."

Mkulu wa bandi anavula magalasi ake akuda, n'kuwavalanso. Mayi wosindikiza zithunzi anangopumira m'mwamba, dzanja lili pa kompyuta. Chiyambire m'mawa mkuluyo ndi mtsikana wina ankangokangana pa kauntala ya mayiyo, zithunzi zakale zili mbwee. Chofunika chinali chimodzi basi: chithunzi choti chikulitsidwe pa chinsalu chodzapachika pa siteji Loweruka, tsiku lokumbukira malemu a Mabingu, amene anaimba ng'oma m'bandiyo moyo wawo wonse.

Mtsikana wokanayo anali mwana wa malemuwo. Anamva za mwambowo pa wailesi, anafufuza mkulu wa bandi mpaka kumupeza, ndipo ananenetsa kuti chinsalu sichisindikizidwa iye asanaone zithunzi zonse.

Koma mkulu wa bandiyo, abale! Tsitsi lodetsa ndi mankhwala, mimba yopanikizidwa ndi lamba, mafuta onunkhira ofika pamalo mwini wake asanafike. Chithunzi chilichonse chimene ankasolola m'envulopu, kutsogolo kunali iye yemweyo, kukamwa kuli yasa pa maikolofoni, maso atatsinzina ngati akumva kuwawa. A Mabingu ankapezeka kumbuyo uko: apa chigongono, apo chipewa, pena bondo lokha pansi pa mbale zachitsulo za ng'oma zija. Munthu woti anagwedeza maholo zaka zonsezo, lero angokumbukiridwa ndi bondo!

"M'bale wanga uja," mkuluyo anatero, akupukuta diso louma ndi mpango. "Tinayambira limodzi pa zitini ndi zidebe. Taimba m'maukwati, m'mahotela, m'mabala moti mabotolo ankauluka pamwamba pathu. Tsiku lina magetsi anathima holo itadzaza, magitala onse zii. Iye yekha anawagwira anthu ndi ng'oma, palibe anatuluka mpaka magetsi anayaka. Ndipo amene anamuuza kuti apitirize ndine."

"Ndinu, eti?" Mtsikanayo anaseka chiseko chouma. "Nanga nyimbo ya sitima ija, imene amayamba ndi timitengo tokha kenako n'kugwetsa ng'oma yaikulu mochedwa dala, munawauzanso ndinu? Pa kaseti yachiwiri inu munalowa msanga, iwo n'kukutsatirani kuti musachite manyazi. Kamvetsereni bwino, zikumveka mpaka lero."

Mkuluyo anatsokomola. Anayang'ana kudenga, kenako nsapato zake zosongoka.

"Ndipo atachoka iwo m'bandi mwanu chaka chija munayambana," mtsikanayo anapitiriza, "munagula kiyibodi yoliza ng'oma yokha. Anthu anavina? Anangokhala pansi n'kumamwa. Munapita nokha kukawagwadira."

"Kugwada ayi. Tinakambirana ngati amuna."

"Ngati amuna, mmodzi ali chogwada."

Mayi wosindikiza anabisa kumwetulira kuseri kwa kompyuta. Mumtima anali atasankha kale mbali. Mwana ndi ameneyu, anaganiza choncho, wodziwa bambo ake mpaka kagundidwe ka dzanja, osati chimkulu chonunkhirachi chimene chakhala zaka zonse chitawafulatira. Analakalaka ana ake akanamamudziwa chonchi.

"Ana a malemu alipo ambirimbiri," mkuluyo anang'ung'udza, "koma wamakani ndiwe wekha. Anzako onse anangoti chitani zimene mukuona."

"Anzangawo ndi anzangawo. Tulutsani china."

"Zatha!"

"Tamverani, anthu inu," mayi uja analowerera. "Ndikapanda kuyamba panopa, Loweruka mudzapachika nsalu yopanda kanthu. Tabweretsani envulopuyo kuno."

Anaikutumula yekha. Pansi penipeni panatsalira kachithunzi kopindika m'makona, kamene mkuluyo sanakatulutse dala chifukwa iye anali kumapeto, dzuwa litamuthobwa m'maso. Anali amuna asanu ataima pafupi ndi basi, malaya ofanana, opanda gitala, opanda ng'oma, opanda maikolofoni yobisa munthu. Nkhope zonse zinkaoneka bwinobwino.

"Ichi ndiye chithunzi!" mayiyo anatero. "Ena onsewa ndiwadula, nditsala ndi bambo ako okha, ndiwakulitsa kuti wokhala kumbuyo kwa holo adzawaone. Tandilozera, mwana wanga."

Mtsikanayo anachilandira ndi manja awiri. Anachiyandikiza kumaso. Chala chake chinayambira kumanzere, chinaima pa wamtali wandevu, chinasuntha, chinaimanso pa womwetulira wa mpata m'mano, kenako chinabwerera. 

"Lozatu!" mkulu wa bandi anakalipa. "Pakamwa ponse paja pathera pati? Tatha tsiku lonse chifukwa cha iwe!"

Mtsikanayo sanadzutse mutu. Atayankhula, mawu ake anali aang'ono, ngati si amene ankalalata aja.

"Za chinsalu ndilibe nazo ntchito, bambo. A Mabingu anachoka pakhomo mayi anga ali ndi pakati pa ine, osabweranso. Chonde, ingondilozerani kuti bambo angawo ndi ati apa."