Nyali za Pabwalo la Ndege

"Ine, achemwali, ndege ndimatsitsa ndi maso, osati ndi mabelu," anatero kaputeni usiku uja, akuyandikira bwalo la ndege. "Zaka makumi awiri, tiyi wa munthu sanatayikepo."

Belu loyamba lochenjeza linalira. Lachiwiri linalowerera. Kenako mawu a m'makina anayamba kukuwa kuti ndege yatsika kwambiri.

"Bwana, mabelu onse akulira pamodzi," anatero mayi womuthandiza kuyendetsa.

"Asiyeni. Ali ngati apongozi anga, amangofuna kumveka." Anawazimitsa limodzilimodzi. "Njira si iyo? Nyali mizere iwiri, ngakhale mwana angatere."

Kumbuyo, anthu makumi asanu ndi atatu anali atamanga malamba, ena ali m'tulo.

Wailesi inakhosomola. Anali wapansanja yolondolera ndege: "Musatere, zungulirani kaye! Magetsi athu azima, bwalo lonse lili mumdima."

Kaputeni anayang'ananso kutsogolo, kuseka kutamuthera. Nyali zija zinalipobe. Koma tsopano zinkagwedezeka pang'onopang'ono, monga zimachitira nyali zikakhala m'manja mwa anthu oyenda. Ndipo zinali kukwera m'mwamba, kudzawachingamira.