Mawu Amene Chule Anameza

Padangokhala, ndipo amene anandiuza sanama kawirikawiri, nyama zinamanga damu loti zizithirira madimba. Kapitawo wake anali Nungu, woti ukamuuza nkhani yoipa ankayamba wakubaya ndi minga, mafunso pambuyo. Posakhalitsa antchito onse anazolowera kumuuza zokoma zokhazokha.

Tsiku lina Chule anaona madzi akuchucha pakhoma la damu. Ana ake ankakhala m'chithaphwi kumunsi kwake.

Anathamangira kwa Kamba. "Achimwene, khoma lang'aluka. Tiyeni tikanene limodzi." Kamba anangolowetsa mutu m'chigoba. Bilimankhwe atamva nkhaniyo anasintha khungu n'kufanana ndi dothi, osaonekanso.

Chule anapita yekha kwa Nungu. Nungu anaimika minga yake yonse.

"Iwe, wabwera ndi chiyani? Khoma lili bwanji?"

Mawu anakwera mpaka pakhosi. Chule anayang'ana minga ija, n'kuwameza.

"Lili bwino, bwana."

Dzuwa lisanapendeke khoma linagumuka, madzi n'kukokolola madimba, chithaphwi ndi ana omwe. Mukakumana ndi Chule lero, mumuyang'ane pakhosi. Mpaka pano pamangogunda, mawu aja akufunabe potulukira.