Mitambo Inatsala Pakhoma

Nditatembenuza chithunzi changa, mitambo inatsala pakhoma.

Masabata asanu ndi limodzi ndinakhala ndikukopera chithunzi chakale cha m'buku la aphunzitsi: mtsinje, mlatho wamiyala ndi thambo la mvula. Thambolo ndinalimaliza dzulo lake, nditalifufuta kanayi. Penti wamafuta sauma tsiku limodzi, ndipo ndinali nditauza aliyense m'nyumbamo.

"Alamu, wagunditsa chithunzi changa kukhoma ndani?"

Akazi a achimwenewo sanasiye n'kusita komwe. "Ndine. Ndimasesa, ndiye ndimati chisalowe fumbi. M'malo mothokoza?"

Ndinachiyang'ananso. Pamene panali kuwala kodutsa m'mitambo panangotsala matope otuwa, tizidutswa ta laimu wa pakhoma titakanirira. Aphunzitsi ankachifuna m'mawa mwake.

"Mukudziwa kuti kuwala kokhako kunanditengera masiku angati?"

"Iii, mpaka kunjenjemera? Si munangoonera m'buku? Bukulo lilipo, oneraninso."

Ndinatsegula bukulo n'kuliika pa malaya oyera amene ankasitawo. Pambali pake, pa malaya pomwepo, ndinagonekapo burashi, penti akudontha.

"Ndi ili bukuli, alamu. Onerani."