A Pitala Alankhulira Mphwawo pa CV

"Pamwamba apa pamafunika mawu ofotokoza kuti ndinu munthu wotani," adatero Masozi, mtsikana wotayipa makalata pa Mitundu, akuloza CV ya Fanuel pakompyuta.

"Ndidzichemerere ndekha ngati ndilibe abale? Ingochotsanipo."

"Nanga mabwana a ku esiteti ya fodya ku Nathenje akakudziwani bwanji?"

Fanuel adatuluka. Posakhalitsa adabwerera ndi malume ake, a Pitala, nkhoswe yotchuka m'mudzi mwawo. Iwo adavula chipewa, nakhala pampando ndi kuwomba m'manja ngati afika kofunsira mbeta.

"Lembani, mayi. Mwanayu samwa mowa. Mizere yake kumunda ndi yowongoka. Ali ndi mbuzi, njinga ndi nyumba ya malata. Sanakwatirepo, koma apongozi adzawalemekeza."

"Bambo, ntchito akufunayi ndi ya ukalaliki."

"Lembani basi! Ndalankhulira anyamata ambiri ine, palibe amene adakanidwa."

Masozi adatayipa zonse akuseka chamumtima, koma pa nyumba ya malata adachedwapo pang'ono.

Ku esiteti kudangoti zii. Fanuel adali atataya kale mtima pamene foni yake idalira.

"Ndine Masozi, wotayipa uja. Nambala ndaitenga pa CV."

"Andiitana kuntchito?"

"Ayi, za kumeneko sindikudziwa. Ndimati ndifunse, malata aja ndi nyumba yonse kapena khonde lokha? Malume anga akufuna kudziwa."