Foni imene Yoramu ankasiya kunyumba

Panali munthu wina ku Mufakose, mayi wa ana awiri, dzina lake Febbie. Ankagulitsa zovala za kaunjika. Mwamuna wake, Yoramu, ankatsogolera kwaya kutchalitchi, ndipo ankagwira ntchito kufakitale kumene salola mafoni a kamera. Ndiye m'mawa ankatenga kambudzi, kafoni kamabatani kaja, foni yaikulu n'kusiyira mkazi wake kuti azitumizira makasitomala zithunzi za zovala.

Tsiku lina kasitomala wina anamulowetsa Febbie m'gulu la azimayi okhaokha pa watsapu. Poyamba munali nthabwala ndi malangizo a m'banja. Kenako munayamba kugwa mavidiyo olaula, ena a mwamuna ndi mkazi, ena a amuna okhaokha. Febbie anatsegula imodzi kuti angoona. Mawa lake anatsegulanso. Posakhalitsa, ana akangopita kusukulu iye ankatseka katani. Ndipo amene ankasunga anali a amuna okhaokha aja. Chifukwa chake iyenso sankachidziwa.

Paulina, loja wawo wa ku Tete amene ankachita lendi chipinda pakhomopo, anamupezerera atabwera kudzapempha mchere. Sanadabwe ayi, ananena kuti azimayi ambiri a mumsewu umenewo ali m'gulu lomwelo. Koma anamuchenjeza: "Asisi, foniyo si yanu, ndi ya bambo a Tino. Fufutani."

M'gulumo Febbie anatulukadi. Mavidiyo anangowabisa, akuti afufuta mawa.

Loweruka lina Yoramu anatenga foni yaikuluyo popita ku Mbare kukamuodera mkazi wake zovala. Kombi, minibasi imene anakwera, inagubuduka, ndipo Yoramu anamwalira. Kuchipatala anapereka jumbo ya zovala zake ndi foni kwa amayi ake. Mwa mwambo, zinthu za malemu zinatsekeredwa m'sutikesi kudikira tsiku logawa, kiyi apongoziwo anamanga kunsonga kwa chitenje. Maliro onse Febbie analira maso ali pa mfundo ya chitenjecho.

Pogawa, foni inapita kwa Shingirai, mng'ono wa malemu. Masana omwewo Shingirai anaitanira amalume ake kuseri kwa nyumba. Febbie anaonera pawindo. Anaona mitu iwiri itaweramira foni, kenako amalume anavula chipewa n'kukhala pansi pa njerwa.

Sabata isanathe, nkhani inali itafika pokwerera makombi: akuti Yoramu wa kwaya uja ankafuna amuna anzake, banja linali chophimbira chabe. Kwaya inasiya kuimba nyimbo zimene iye anaphunzitsa. Zoika mwala pamanda zinangozilala. Amayi ake anachotsa chithunzi chake pakhoma, panatsala msomali wokha.

Febbie sanaulule. Nyumbayo inali ya akuchimuna, ankaopa kuti akaulula amuthamangitsa, ana n'kumulanda. Koma nthawi yoweruka ikakwana ankamva geti likulira ngati mmene Yoramu ankalitsegulira, ndipo dzanja lake linkathamangira m'thumba kukabisa foni imene analibe. Akasuzumira, panalibe munthu. Posesa pabalaza ankafulatira msomali uja, komabe ankamva ngati wina akumuyang'ana kumsana, osakwiya, kungodikira.

Tsiku limene mwana wake Tino anabwera kuchokera kusukulu malaya atang'ambika, atamenyana ndi ana amene ankanyoza bambo ake, Febbie analephera kupirira. Anapempha Paulina kuti akamuchitire umboni. Paulina anakana. Anati akayankhula gulu lonse liululika, ndipo akazi a amalume aja alimonso.

Febbie anapita yekha, n'kugwada pamaso pa apongozi ake.

"Amayi, mavidiyo aja ndinkaonera ndine. Yoramu sankadziwa n'komwe kuti alimo."

Mayiwo anamugwira manja onse awiri.

"Mwana wanga, mkazi saonera zimenezo. Munamubisira ali moyo, mukufuna mumubisirenso ali m'manda? Mutikhululukire ife amene tinakupatsani munthu wotere."

Febbie analumbira, analira, anakabwereza kwa amalume. Palibe anamukhulupirira. Lachinayi lotsatira, kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, anamuimika kutsogolo ngati chitsanzo cha mkazi wopirira amene amasunga ulemu wa mwamuna wake. Anamuombera m'manja, ena mwa oombawo ali a m'gulu lija.

Nyumba sanamulande. Ali momwemo mpaka lero, ndi ana ake, ndi msomali uja. Amene amakagula zovala kwa iye amati dzuwa likapendeka amadukiza nkhani, n'kutembenukira kugeti.

Phunziro: Azimayi anzanga, tisanamizane kuti zolaula ndi za amuna okha, ifenso mafoni tili nawo. Chimene waika m'foni ya mnzako chimavala dzina lake, ndipo womwalira sadzuka kudzakana. Ndipo inu opeza zinthu m'foni ya malemu, yambani mwafunsa kuti inkaswera ndi ndani. Tumizani nkhaniyi kumagulu anu onse, ngakhale kugulu lija limene simulitchula kunyumba.